Kansalu Komangira Nkhomo

Abale anga, mundilole ndilankhule chokhala, chifukwa zimene nditi ndinenezi si zoti munthu n'kuimirira nazo pamaso pa anzake. Dzina langa ndine Lufeyo Phiri. Kwathu ndi ku Chongoni, koma ndinakwatira ku Kaphuka. Ambiri mukundidziwa: ndine uja munkamulumpha pamsika wa Mayani atagona m'ngalande, ntchentche zili pakamwa. Enanu mwabwera pano fungo la dzulo lisanakuthereni. Sindikukusekani ayi. Ndikulimva fungolo, ndipo mmero wangawu ukulidziwa bwino.

Anthu amati Lufeyo chinamugwetsa ndi kachasu. Si zoona. Kachasu anabwera pambuyo, kudzafotsera chimene ndinachita maso ali gwa. Choyamba chinali bawo.

Nthawi ya chipani chimodzi, pakhonde la sitolo ina pa Mayani pankakhala telala, Che Amadu, Msilamu wofatsa, wa msinkhu wangawu. Pambali pa makina awo osokera pankakhala bawo. Tsiku la msika tikagulitsa kachewere wathu tinkathamangira pamenepo. Kwa inu osadziwa masewerawa: aliyense amakhala ndi mizere iwiri ya maenje, ndipo mu mzere wakutsogolo muli dzenje limodzi lalikulu lomwe timalitcha nyumba. Poyamba nkhomo zambiri, timbewu tosewerera tija, zimakhala m'manja, umaponya imodziimodzi. Ukaponya moyang'anizana ndi za mnzako, wamudya. Mzere wako wakutsogolo ukatsala mbee, wagonja.

Ine ndinali wa manja othamanga. Kuyamba kwanga kunali kumodzi komweko: kuponya m'dzenje lakumapeto, kuthamangira kumanja, nkhomo zanga n'kuthawira mzere wakumbuyo. Ndikangopeza mpata ndinkaphwasula nyumba kuti ndidye zambiri nthawi imodzi, anthu aone. Che Amadu ankandidya phazi lili pamakina, maso ali pa msoko wa buluku la munthu. Panali a Jelasi, ogulitsa fodya, pakamwa posatseka.

"Taonani mkamwini wa ku Kaphuka, waphwasulanso nyumba! A Lufeyo, kwa akazi anu mumateronso? N'chifukwa chake alamu anu sakupatsani dimba lalikulu!"

Anthu n'kufa nazo. Inenso ndinkaseka, koma zinkandiwawa.

Ndinapeza nkhomo zangazanga kuti ndizidziphunzitsa kunyumba. Pomangira ndinalibe. Tsiku lina mkazi wanga Nambewe ali kumadzi, ndinatenga nsalu yake yachipani, ija amayi ankavala pokavina kumisonkhano, n'kung'ambako ngodya ndi mano. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga, koma nkhope siifuna sukulu. Ndinaona bwinobwino kuti ndang'amba pakati pa nkhope ya mtsogoleri, diso limodzi n'kubwera kwa ine. Ndinangopindira nkhopeyo mkati, n'kumanga nkhomo zanga. Kansaluko kanayenda m'thumba mwanga mpaka kanada bii ndi thukuta ndi fodya.

Tsiku limenelo nkhomo zapakhonde zinaperewera, ndiye ndinamasula zanga, kansalu n'kukasiya poyera pambali pa bawo. Tinali titangoponya kangapo, ine ndi Che Amadu, pamene anyamata achipani anafika kudzaona makhadi a umembala. Mmodzi anawerama, n'kukanyamula ndi zala ziwiri.

"Kansalu aka n'ka yani?"

Ngakhale a Jelasi pakamwa panatsekeka. Mnyamatayo anafunsanso. Abale anga, palibe amene anandimenya kapena kundiloza. Ndinayankha ndekha.

"Kaya. Koma wodula nsalu pano tonse timamudziwa."

Ndipo ndinaloza ndi milomo.

Che Amadu anapempha kuti akaone. Anakatembenuza, n'kuyendetsa chala m'mpendero mwake, kenaka anandiyang'ana ine. Ndinkadikira kuti anene. Sananene kanthu. Anyamatawo anawatenga tepi yoyezera ikadali m'khosi.

Za zaka zotsatirazo sindichedwapo, chifukwa ambiri mukuidziwa njira imeneyi. Ndinasiya kudutsa pakhonde paja. Poti njira ina yodutsa pamsika inkadzera kwa mayi wotcheza kachasu, ndinayamba kudzera kumeneko. Poyamba kanali kakapu kamodzi kothamangitsa chisanu. Kenaka mbewu ya kachewere inapita, feteleza anapita, mbuzi ya Nambewe inapita, chitseko cha nyumba ndinachizula ndekha n'kupita nacho pamutu masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinali woimba mbalule, ng'oma yotsogolera gule, ndipo midzi itatu inkanditumira uthenga kukagwa maliro. Pa maliro ena manja ananjenjemera, ndinasokoneza gule pabwalo, akuluakulu n'kundilanda ng'omayo anthu akuona. Alamu anga anatulutsa mphasa yanga ndi khasu n'kuziika panjira. Mkamwini akatulutsiridwa mphasa safunsa tanthauzo. Kwathu ku Chongoni ndinachita manyazi kubwerera. Ndinakhala wa pamsika, kusenza matumba a anthu kuti andigulire kapu, kugona kuseri kwa butchala pamodzi ndi agalu.

Kenaka kunabwera matipate. Omangidwa anayamba kubwerera m'midzi, ndipo Che Amadu anabwera nawo, oonda ngati bango, maso atachita khungu. Makina aja akazi awo anagulitsa kalekale kuti ana adye. Ine ndinavotera nyali, chizindikiro cha matipate, ndinkakuwa kuti zinthu zisinthe kuposa aliyense pa Mayani, ndinkatukwana anyamata achipani aja pamowa. Koma ndikaona mpanda wa Che Amadu patali ndinkalowa m'chimanga cha eni ake.

M'mawa wina wa mwezi wa Julaye, nkhungu isanachoke paphiri, ndinamva wina akundigunda kuphazi. Anali Abiti Saidi, akazi a Che Amadu, beseni la zitumbuwa lili pamutu.

"Dzukani. Akukufunani."

"Ndani, mayi?"

"Mukufunsa ndani? Ine ndiye sindikukufunani. Tiyeni."

Ndinawatsatira kumbuyo ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Ndinkati akandiitanira ana awo kuti andithyole nthiti, ndipo kunena zoona ndikanakondwa nazo. Ndinapeza Che Amadu ali pamkeka pakhonde, kofia kumutu, bawo yomwe ija ili patsogolo pawo.

"Mwafika a Lufeyo. Ndakumvani fungo musanakhote pampandapo."

Ndinagwada. "Che Amadu, ine..."

"Yalani bawo, achimwene."

"Ndimati ndinene..."

"Ndati yalani bawo. Kugwadako mukachitire kutchalitchi."

Ndinayala, nkhomo zikundipulumuka m'zala. Anati ndiyambe ndine. Ndinaponya m'dzenje lakumapeto, n'kuthamangira kumanja. Iwo anayendetsa zala pamaenje onse, pang'onopang'ono, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Zaka zonsezi! Boma lasintha, ine maso apita, koma kuyamba kwa a Lufeyo n'komwe kuja."

Anandidya. Ndinawadyako. Nkhomo yanga yomaliza itagwera m'nyumba ndinatambasula dzanja kuti ndiiphwasule. Munthu wosaona uja anandigwira pamkono ndisanaikhudze.

"Mukupita nayo kuti?"

"Ndidye zija zakumanzere."

"Mukadya, ine ndiponya pati?"

Sindinadziwe. Abale, ndinali nditasewera bawo chiyambire unyamata wanga, koma funso limenelo ndinali ndisanadzifunsepo. Anatenga chala changa n'kuchiika padzenje lawo lina. Ndinawerenga. Ndikanaphwasula nyumbayo, akanasesa mzere wanga wonse wakutsogolo.

"Bwezerani, tiyambirenso."

Tinayambiranso. Tikangoponya kangapo ankati bwezerani. Dzuwa linafika pamutu tisanamalize ngakhale bawo imodzi. Pondiuza kuti ndizipita anati, "Mawa mubwere m'mawa. Koma fungo ili mulisiye komwe mumalitengako. Pakhonde pano ndimapempherapo."

Mawa lake ndinamwa kakapu kamodzi kolimbitsa manja, n'kutafuna masamba a bulugama. Ndisanakhale n'komwe anatembenuza bawo chafufumimba.

"Pitani, a Lufeyo. Bulugama samwa kachasu."

Ndinachoka. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo anaposa a ng'oma ija. Tsiku linalo ndinapita osamwa. Thupi lonse linkanjenjemera, thukuta lili kamukamu m'chisanu cha Julaye, nkhomo zikugwera pamkeka. Iwo ankazifufuza ndi manja n'kundibwezera. Abiti Saidi anabweretsa tiyi, n'kuika kapu patali pang'ono, poti ndichite kudzuka kuti ndiitenge.

Chimene anandiphunzitsa chinali chiyambi chokha. Lamulo lawo loyamba linali la dzanja: likhale pabondo mpaka maso atamaliza kuwerenga. Usanaponye udzifunse kuti nkhomo yanga ikagwera apa mnzanga adya pati, ndipo akadya, nkhomo zake zikathera kuti. Anandiuza kuti ndiyesenso kumanzere, kuti nkhomo zoyamba zizikhala kutsogolo pafupi ndi nyumba, zisamathawire kumbuyo komwe sizidya munthu. Za nyumba ankabwereza tsiku ndi tsiku.

"Nyumba siiphwasulidwa chifukwa choti mpata wapezeka. Muisiye inenepe. Mnzanu aziiona, azichita nayo mantha. M'manja mukayamba kupepuka, pamenepo ndiye muiyendetse. Inu mumaiphwasula kuti a Jelasi akuombereni m'manja. A Jelasi anakuomberanipo?"

Ndinawafunsa kuti zonsezi anaziganiza liti, poti kale ankangosewera akusoka. Anati kundende. Anakumba timaenje pansi ndi supuni, nyemba zosapsa za m'ndiwo n'kukhala nkhomo. Maso atayamba kufa anasamutsira bawoyo m'mutu.

"Ndinkasewera ndi inu, a Lufeyo, tsiku lililonse. Mbali yanu ndinkakuponyerani ndine. Ngakhale kumeneko munkagonja."

Anaseka. Ine ndinalephera.

Masana ndi amene ankandivuta, chifukwa tikasiya bawo mmero unkayamba kuitana. Che Amadu anandiuza kuti munthu wowerenga nkhomo ndi milomo ngati ine akufunika sukulu. Ndinakalembetsa sukulu ya kwacha, ya akuluakulu ija, mwamuna ndekha pakati pa amayi, imvi zili mbuu. Ankandiseka pogwira pensulo ngati mpini, koma nthawi ya kachasu inkandipeza ndili pabenchi. Njira ya kwa mayi wotcheza uja ndinaisiya, ndinkazungulira kuchigayo. Ndinagwa kawiri konse, sindikubisirani, ndipo kawiri konseko bawo inatembenuzidwa chafufumimba. Ndinapeza ganyu m'madimba, ndipo malipiro ndinkapempha kuti azindipatsa ufa ndi nyemba, chifukwa ndalama za m'thumba zinkadziwa njira yake.

Mvula itayandikira ndinali nditayamba kuponya bwino, moti nthawi zina Che Amadu ankayamba awerenga maenje kawiri asanaponye. Koma ankati bwezerani basi. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Che Amadu, bwanji sitimaliza?"

Anatola nkhomo zonse, n'kuyamba kuziika okha m'maenje, apa ziwiri, apa imodzi, apa zitatu, zotsala n'kugawa m'manja mwanga ndi mwawo. Ndinayang'ana. Inali bawo ya tsiku lija, mmene inalili pamene mnyamata uja ankawerama.

"Tili nayo kale ina yosatha. Inali nthawi yanu yoponya."

Ndinalira, abale, kulira kwa mamina ngati mwana. Ndinati kansalu kaja kanali kanga, ndinang'amba ndine, ndinakunamizirani.

"Mukundiuza ine? Mpendero wa nsalu ija ndinasoka ndine. Ulusi wakuda unandithera, ndinamalizira ndi wobiriwira. Nditangokatembenuza ndinadziwa kuti ndi nsalu ya a Nambewe."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati n'ka a Lufeyo, akanafunsa kuti nsalu yaikulu ili kuti. Akanapita ku Kaphuka. A Nambewe anali ndi pakati potopa, anabwera okha kudzakulitsa deresi sabata yomweyo. Inu ndikanakuperekani osaganiza kawiri, musadzinamize. Koma ndinawerenga komwe nkhomo ikathere."

Mwana amene anali m'mimbayo ndi Filipo wanga, amene pano ndi mnyamata wamkulu. Ine bambo wake sindinamuganizireko tsiku lija. Anamuganizira ndi munthu amene ndinamuloza ndi milomo.

Ndinatambasula dzanja kuti ndiponye, timalize. Anaphimba bawo ndi manja onse awiri.

"Iyi si yomalizira kuseri kwa mpanda. Inayambira pamsika. Mpaka lero ana anga amatchedwa ana a telala wodula nkhope. Enanso tsopano akuti ndinali ngwazi, ndinadula dala. Zonsezo si zanga. Ndikufuna dzina langa lakale, la munthu wosoka mabuluku."

Ndinayamba ndapita ku Kaphuka, chifukwa sindinafune kuti Nambewe akamve kwa anthu. Ndinamupeza m'dimba akuthirira kabichi. Ndinaima kunja kwa mpanda ngati mlendo n'kunena zonse. Sanasiye kuthirira.

"Mwatha? Ndinadziwa tsiku lomwelo, a Phiri. Nditamva za pamsika ndinatulutsa nsalu yanga, n'kupeza ngodya palibe. Yotsalayo ndinaikwirira muno, patsogolo pa pomwe mwaimapo. Inu munkamwa, ine ndinkalima pamwamba pake. Ndipo Abiti Saidi ndinkakumana nawo kuchigayo, n'kumawapatsa moni."

Anatukula khasu n'kundiponyera kunja kwa mpanda. Sanati lowani, sanatinso chokani. Ndinalowa, ndinapalira mpaka madzulo.

Tsiku la msika ndinanyamula bawo pamutu, Che Amadu atagwira phewa langa, mpaka pakhonde la sitolo ija. Anthu anali ambiri, a Jelasi ali pomwepo, mano atatha koma pakamwa pali pomwe paja.

"Ee, taonani! Wakhungu watsogozedwa ndi chidakwa. Mufika kuti anthu inu?"

Anthu anaseka. Ndinaika bawo pansi, ndinavula chipewa. Miyendo inkafuna chimanga cha eni ake. Kenaka ndinanena, mokweza, kuti ndi amayi a tomato omwe amve.

"Inu nonse amene munalipo tsiku lija, ndi inu amene munangomva. Kansalu kaja kanali kanga. Ndinang'amba ndi mano angawa pansalu ya mkazi wanga. Che Amadu sanakakhudzepo ndi sizasi. Ndinawaloza chifukwa cha mantha, komanso chifukwa ankandidya pa bawo inu n'kumandiseka. Maso awo ndinadya ndine."

Panalibe woomba m'manja. Mayi wina analavula pansi. Mwana wamkulu wa Che Amadu anaimirira, ndipo anthu anachita kumugwira. A Jelasi anayang'ana fodya wawo, n'kunena motsitsa, "Tinkaziona nkhomozo zikutuluka m'thumba mwanu, a Lufeyo. Tonse tinkaziona." Panalibe amene anawatsutsa.

Che Amadu anali atakhala kale pansi, akuika nkhomo m'maenje, apa ziwiri, apa imodzi, apa zitatu.

"Mwatha zolankhula? Ponyani, achimwene. Mwandidikiritsa."

Ndinakhala. Mpata wophwasula nyumba unalipo, womwe uja ndinkaufuna tsiku lija. Dzanja ndinalisiya pabondo. Ndinawerenga, ndinawerenganso, anthu mpaka kuyamba kung'ung'udza. Ndinaponya kumanzere, nyumba n'kuisiya. Iwo anayendetsa zala pamaenje, n'kugwedeza mutu.

"Ameneyu ndiye sindinasewere naye kundende."

Tinasewera nthawi yaitali. Anandidya ndithu, musaganize kuti ndinapambana. Koma bawoyo inatha, ndipo anatola nkhomo n'kunena kuti, "Yatha. Yalani ina."

Musandione ngati munthu woyera. Maso a Che Amadu sanabwerere. Abiti Saidi mpaka lero sandipatsa moni, ndipo kapu ya tiyi amaiikabe patali. Sindidandaula, ndimadzuka n'kukaitenga. Ku Kaphuka ndimagona m'kanyumba kosungira makasu, Nambewe akuti za nyumba yaikulu tidzakamba akadzaona zokolola. Filipo amandiitana kuti bambo, koma amayang'ana kumbali.

Inu amene mwabwera ndi fungo lija, sindikudziwa chimene mukufotsera. Mwina ena mulibe, mumangomwa. Koma ngati pali mpanda umene mukauona mumalowa m'chimanga, dziwani kuti kuseri kwake kuli munthu amene akukumbukira pamene munasiyira, nkhomo iliyonse pamalo pake. Mupiteko m'mawa, musanalawe kanthu. Manja adzanjenjemera, asiyeni anjenjemere.

Zanga n'zomwezi. Mundikhululukire, sindikhala nawo mpaka kumapeto. Che Amadu ayala kale, ndipo lero woyamba ndine.